Jelo "wanzeru" ndi funso la atsikana athu

Anzathu a m'makalabu a achinyamata, ife ogwira ntchito zaumoyo m'midzi timamva funso ili kawirikawiri: "Nanga mwamuna akakana kondomu, ine ndidziteteze bwanji?" Akatswiri ofufuza za mankhwala nawonso akhala akulimbana nalo.

M'chaka cha 2006, gulu la a Patrick Kiser pa University of Utah ku America linalengeza za jelo, mankhwala oterera ngati odzola, amene amasintha malinga ndi zimene wakumana nazo m'thupi. Asanalowe m'thupi amakhala wamadzimadzi. Akaikidwa m'njira yoberekera, kutentha kwa thupi kumamulimbitsa ndipo amamatirira. Malo amenewa mwachibadwa ndi owawasa, pomwe umuna siwowawasa. Choncho umuna ukafika kuwawasako kumachepa, jelo uja n'kusungunuka, n'kutulutsa mankhwala pa nthawi yeniyeni imene kachirombo ka HIV kangalowe. Nzeru zake n'zogometsa, koma jeloyu sanafike m'zipatala, ndiye wina asakunamizeni kuti akugulitsa.

Ife nkhawa yathu ili pena. Jelo angathe kuzindikira umuna, koma sangadziike yekha m'thupi.

Taonani zimene zinachitika ndi jelo wina, wa tenofovir. Mu 2010, kafukufuku wa CAPRISA 004 ku South Africa anaonetsa kuti jeloyu anachepetsa kutenga HIV ndi 39 peresenti. Anthu anasangalala. Koma mu 2015 kafukufuku wamkulu wa FACTS 001 sanapeze chitetezo, chifukwa amayi ambiri sankatha kumuika nthawi zonse, asanagonane ndiponso atagonana. Mphete ya dapivirine, yoikidwa kamodzi pamwezi, inayesedwanso kuno ku Malawi. Zotsatira za mu 2016 zinaonetsa 27 peresenti, koma kwa atsikana a zaka 18 mpaka 21 chitetezo sichinaoneke.

Ena amathamangira kunena kuti atsikana ndi osasamala. Ife tikukana. Mtsikana wogona chipinda chimodzi ndi abale ake asunga kuti mankhwalawo? Ndipo kodi ndi iye amene amasankha tsiku? Amene timayenda khomo ndi khomo tikudziwa yankho lake. Ofufuza azifunsa mafunso amenewa asanayambe kusakaniza mankhwala, ndipo akabwera kudzafunsa, inu muziyankha zoona, osati zongowasangalatsa.

N'chifukwa chake jakisoni wa lenacapavir, wobayidwa kawiri pachaka, watipatsa chiyembekezo chachikulu. Mu 2024, mwa atsikana ndi amayi oposa 2,000 amene anabayidwa pa kafukufuku ku South Africa ndi Uganda, panalibe amene anapezeka atatenga HIV pamene zotsatira zinkalengezedwa. Safuna kobisa, safunanso kukumbukira usiku.

Pakadali pano, pitani kuchipatala mukayezetse magazi, ndipo mukafunse njira za PrEP zimene zilipo kumeneko. Kondomu musaitaye, chifukwa PrEP sateteza mimba, chindoko kapena chinzonono.