Manja akanjenjemera, tiyambe taona mankhwala

Chaka chatha amalume anga, asodzi a pano pa Chiwanga, anapatsidwa mankhwala a matenda a maganizo ndipo anayamba kupeza bwino. Koma patatha milungu itatu manja awo anayamba kunjenjemera, thupi linauma, ankayenda mokoka miyendo, malovu akudontha. Ngakhale kusoka ukonde kunawakanika. Pamudzi ena ankati alodzedwa ndi asodzi anzawo, ena ankati mapiritsiwo tiwataye m'nyanja.

Ine ndikuti maganizo onse awiriwa ndi olakwika. Pali mankhwala ena amene amatsekereza ntchito ya dopamini, chinthu cha mu ubongo chomwe chimathandiza thupi kuyenda bwino. Munthu amaoneka ngati akudwala matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817. Ena mwa mankhwalawa ndi haloperidol, clorpromazina ndi jakisoni wa flufenazina, operekedwa kwa odwala matenda a maganizo, komanso metoclopramida, woletsa kusanza. Mu 2013 akatswiri a mankhwala ku Ulaya analangiza kuti metoclopramida asamwedwe kupitirira masiku 5. Okalamba ndi amayi ndiwo amagwidwa msanga, ndipo nthawi zambiri zizindikiro zimayamba m'miyezi itatu yoyamba.

Kodi tingosiya kumwa? Ayi. Amalumewo akanasiya okha, matenda aja akanabwerera, mwinanso mwamphamvu. Tinawatengera kuchipatala pamodzi ndi mapepala a mankhwala awo. Kumeneko anachepetsa mlingo, ndipo patapita miyezi iwiri anabwerera panyanja kukapha usipa. Ambiri amachira motero mankhwala akasinthidwa, ngakhale ena amatenga nthawi yaitali.

Kuyambira mu 1996 dziko lathu la Mozambique limaphunzitsa anthu ogwira ntchito ya matenda a maganizo. Tiwagwiritse ntchito. Nawonso a zaumoyo tikuwapempha kuti popereka mankhwalawa azichenjezeratu wodwala ndi womusamalira m'Chinyanja chomveka, pakuti si tonse timawerenga Chipwitikizi.

Abale anga, wachibale akayamba kunjenjemera kapena kuuma thupi, tisathamangire kuloza chala agogo a pamudzi. Tifunse kaye kuti: wayamba kumwa chiyani, ndipo anayamba liti? Tikatero titenge wodwalayo ndi mankhwala ake onse, ngakhale ogula pamsika, n'kupita nawo kuchipatala ku Metangula tsiku lomwelo.