Njira za pa Phiri la Zomba n'za Yani?

Olemba za maulendo amatamanda njira za pa phiri la Zomba: yozungulira damu la Mulunguzi, yotsikira ku mathithi a Williams, yokwera ku Emperor's View. Amati n'zokoma kuthamangamo m'mamawa, koma sanena amene anaziponda mpaka kukhala njira. Mayi wotsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu amamutcha wowononga nkhalango. Bwana wothamanga ndi nsapato zodula amamutcha wokonda chilengedwe. Chonsecho nkhuni zomwezo zimakayaka kukhitchini kwa bwanayo magetsi akazima! Ngakhale paini amene bwanayo akumulirira ndi mlendo wochokera ku Mexico, amene atsamunda anadzala kuti azicheka matabwa. Ndipo awiriwa akakumana pamene njira yapanikiza, wopatukira m'tchire ndi mayiyo, katundu ali pamutu.