Bokosi la Maseŵera Nalo ndi Buku

Munthu woyenda madzulo pa msika wa Balaka, Liwonde kapena Ntaja sangalephere kumva phokoso la anyamata ataunjikana m'kachipinda, maso ali pa kanema, akumenya mpira ndi zala. Makolo ndi aphunzitsi ambiri amati makina ameneŵa ndi mbala yakuba nthaŵi ya ana. Dandaulolo n'lomveka, koma nkhani siyenera kuthera pomwepo, pakuti m'kati mwa bokosilo muli kompyuta yathunthu.

Chitsanzo ndi PlayStation 5, imene kampani ya Sony inatulutsa mu November 2020. Ubongo wake ndi pulosesa ya kampani ya AMD, ya zigawo 8 zogwira ntchito nthaŵi imodzi. Ili ndi memole ya magigabaiti 16, pamene mkulu wake, PlayStation 4 ya mu 2013, inali ndi 8 okha. Yakaleyo inkasunga maseŵera pa mbale yozungulira, koma yatsopanoyi inatuluka ndi nkhokwe ya SSD ya magigabaiti 825, yopanda chozungulira chilichonse. N'chifukwa chake maseŵera amatseguka mofulumira. Choseŵerera chake, DualSense, chimanjenjemera m'manja, ndipo mabatani ake aŵiri amalimba kapena kufeŵa molingana ndi zochitika pa kanema.

Mphamvu zoterezi zili ndi mtengo wake. Maseŵera akafika pachimake, makinaŵa amadya mawati pafupifupi 200, ndipo magetsi onsewo amasanduka kutentha. Ichi n'chifukwa chake opanga anaikamo chitsulo chamadzimadzi chochotsa kutentha pa pulosesa, ndi chokupiza chotulutsira mpweya wotenthawo kunja. Tsono aliyense akudziŵa mmene dzuŵa la October limaŵaŵulira ku Balaka ndi m'mbali mwa Shire. M'chipinda cha malata chopanda mazenera, fumbi likatseka mipata ya mpweya, makinaŵa amayamba kuzima okha.

Mdani wina ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzimazima kunasautsa dziko mpaka 2023. Magetsi obwera modzidzimutsa atazima angathe kuotcha makina, choncho chipangizo chotetezera si chinthu chochita kunyinyirika pogula. Wogula adziŵenso kuti mtundu wina wa PlayStation 5 ulibe poloŵetsa chimbale. Maseŵera ake amachokera pa intaneti, ndipo amodzi okha angathe kupitirira magigabaiti 50.

Mnyamata amene wamaliza Fomu 4, nasonkhanitsa kampamba kuti atsegule malo a maseŵera, ayambe wadziŵa zimenezi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wosafunsa adzataya mpamba wonse m'chilimwe chimodzi. Wodziŵa kupukuta fumbi, kusintha chokupiza ndi kukonza choseŵerera ali ndi ntchito m'manja, pakuti makina akachuluka, ofuna kukonzedwa amachulukanso.

Aphunzitsi nawo ali ndi mwayi. Mwana amene amasinza pa phunziro la mawati ndi kayendedwe ka kutentha angathe kutcha khutu atafunsidwa chifukwa chimene bokosi lija limatenthera. Kuletsa ana a yunifolomu m'zipinda zimenezi nthaŵi ya sukulu n'koyenera ndithu, ndipo eni malo athandizepo. Koma mphunzitsi wanzeru sadzalekera pa kuletsa. Adzamutuma mwanayo kukafufuza chimene chili m'kati mwa bokosi.