Chidendene Chikamabaya M'mawa, Yambani ndi Manja Anu

Pa ntchito yanga yoyendera zitsime, misika ndi zimbudzi m'midzi ndimakumana ndi anthu ambiri oyenda monyang'ama ngati aponda minga. Ndikawafunsa, dandaulo lao limafanana: akangodzuka m'mawa n'kuponda pansi, chidendene chimabaya ngati muli msomali. Akayenda pang'ono ululu umachepa, koma akakhala pansi nthawi yaitali n'kuimiriranso, umabwerera. Ena amaganiza kuti anaponda mankhwala panjira. Masiku ano ena akufunsanso za makina a laser amene akumva kuti amachiza ndi kuwala. Maganizo anga ndi akuti musanagulitse mbuzi kuti mukafune makinawo, muyambe mwayesa chithandizo chimene chili m'manja mwanu.

Pansi pa phazi pali nsinga yokhuthala, yotambalala ngati lamba, yochokera pa fupa la chidendene kukafika m'tsinde mwa zala. Phazi lili ngati uta, ndipo nsingayi ndiyo chingwe chake. Ikalemedwa kwa nthawi yaitali imayamba kuperepeseka pamene inagwirana ndi fupa, ndipo matendawo madotolo amawatcha plantar fasciitis. Amagwira makamaka anthu a zaka 40 mpaka 60, onenepa kwambiri, ndiponso amene amakhala chiimirire tsiku lonse pamalo olimba, monga aphunzitsi, alonda ndi amayi ogulitsa pamsika. Usiku munthu akagona phazi limawerama ndipo nsinga imafupika. Kuponda koyamba kumaikoka mwadzidzidzi. Ndicho chifukwa chake ululu umakula m'mawa.

Sindikunyoza laser ayi. Makina oyamba anapangidwa ku America mu 1960, ndipo mu 1967 dotolo wa ku Hungary, Endre Mester, anaona kuti ubweya wa mbewa zimene anameta unamera msanga ataziwalitsa ndi laser yopanda mphamvu zambiri. Kuwala kotere sikuotcha ndipo sikupweteka. Malangizo amene akatswiri a mafizo a ku America anatulutsa mu 2023 amavomereza kuti kumachepetsa ululu wa chidendene kwa nthawi yochepa, koma amati kugwiritsidwe ntchito pamodzi ndi chithandizo china. Kuongola nsinga ndiko anakupatsa umboni wamphamvu koposa laser. Tsono taganizani: laser imafuna kuti wodwala apite kangapo pa mlungu, kwa milungu ingapo, pamene zipatala zathu zazing'ono za kumudzi zilibe makinawo. Ndalama ya ulendo ichokera kuti? Nanga kumunda atsala ndani?

Mu 2003 dotolo wa mafupa wa ku Rochester ku America, Benedict DiGiovanni, ndi anzake anayesa njira ziwiri pa anthu amene anavutika ndi chidendene kwa miyezi 10 kapena kuposerapo. Patatha milungu 8, amene ankaongola nsinga ya pansi pa phazi anapeza bwino kuposa amene ankangoongola mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene. Njira yake ndi iyi. Khalani pansi, sanjikani phazi lodwala pa bondo la mwendo winawo. Gwirani zala zonse ndi dzanja n'kuzikokera m'mwamba, cha kumsongolo, mpaka mumve kuti pansi pa phazi pakungika. Mukakhudza ndi chala chachikulu cha dzanja lina mudzamva nsinga italimba ngati chingwe. Werengani pang'onopang'ono mpaka 10, masulani, ndipo bwerezani ka 10. Chitani zimenezi katatu pa tsiku. Koyamba kukhale muli pamphasa pomwepo, musanaponde pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amathamangira kukoleza moto, n'kukumbukira zoongola phazi dzuwa litakwera, nsinga itakokeka kale.

Katumba naye aongoledwe, pakuti akauma amakoka chidendene. Tsamirani manja pakhoma, mwendo wodwala uli kumbuyo, bondo lili choongoka, chidendene chili pansi, ndipo weramirani kutsogolo kwa theka la mphindi. Madzulo mungathe kugubuduza botolo kapena chitsononkho pansi pa phazi. Pewani kuyenda opanda nsapato pa simenti kapena pa msewu wouma, ndipo masilipasi otha, opyapyala ngati tsamba, sathandiza kanthu. Kachidutswa ka siponji koika m'nsapato kamafewetsa kapondedwe.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti siichedwa kugwetsa ulesi. Munthu amachita masiku atatu, osaona kusintha, n'kusiya. Zoona zake n'zakuti matendawa amatenga miyezi, ngakhale kuti ambiri amachira chaka chisanathe popanda opaleshoni. Kusaleza mtimaku ndiko kumapititsa ena kukatemera mphini pa chidendene. Chonde musatero. Phazi limaponda dothi, ndipo bala lake ndi khomo la kafumbata. Kwa wodwala matenda a shuga bala lotere lingathe kudulitsa mwendo. Jekeseni ya pa chidendene nayo musaikakamire kwa dotolo. Imaziziritsa ululu kwa milungu yochepa, koma ikabwerezedwa ingathe kufooketsa nsinga mpaka kuduka.

Si chidendene chilichonse chowawa chimene chili ndi matenda amenewa. Ngati phazi latupa kapena likutentha, ngati lachita dzanzi, lili ndi bala, likuwawa ngakhale usiku muli gone, kapena ululu unayamba mutagwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Dzanzi la kumapazi lingakhale chizindikiro cha shuga kapena khate. Ndipo ngati mwaongola phazi mokhulupirika kwa miyezi iwiri kapena itatu popanda kusintha, bwererani kwa dotolo kuti akutumizeni ku mafizo. Kumeneko, ngati laser ilipo, ilandireni, koma m'mawa uliwonse muzipitirizabe kukoka zala musanaponde pansi.