Zaka za ntchito zisatsale pa chipata cha Mwanza



Si onse omaliza Fomu 4 pasukulu pano amene amapita ku yunivesite. Ena amakalowa kwa mmisiri wa magetsi ku Limbe, ku Bangwe kapena ku Ndirande, kumanyamula makwerero, kusema khoma loikamo mapaipi ndi kukoka mawaya. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi mnyamata amawaya nyumba yonse yekha, abwana n'kumangobwera kudzaona. Kenaka amamva za anzake a ku Joni, nakwera basi yodzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Akafika uko amapeza kuti zaka zonse zija zatsala kuno, chifukwa palibe pepala lozichitira umboni. Munthu wodziwa ntchito amayambanso kunyamula makwerero, malipiro ake n'kukhala a wothandiza chabe.

Maganizo anga ndi akuti vutoli timalipanga tokha kuno, mwana asanagule n'komwe tikiti.

Ku South Africa luso la m'manja palokha silikupatsa mphamvu yosayina ntchito. Satifiketi yakunja imayamba yaunikidwa ndi bungwe la SAQA kuti aone mlingo wake. Kuti munthu atchedwe mmisiri weniweni ayenera kukhoza mayeso a trade test akumeneko, amene satifiketi yake amaitcha Red Seal. Amene anaphunzira ntchito pogwira, osati m'kalasi, ali ndi khomo lake lotchedwa ARPL, koma pakhomo limeneli amafunsa umboni: unagwira kwa ndani, kuyambira liti mpaka liti, ntchito zanji. Zikatha izi pali mayeso ena a malamulo a kawayidwe ka nyumba, a SANS 10142, kenaka kulembetsa ku Department of Employment and Labour. Wolembetsedwa yekha ndiye amapereka chikalata chotsimikiza kuti mawaya a nyumba ali bwino, chomwe chimafunika ngakhale pogulitsa nyumba. Ndalama zenizeni za ntchitoyi zili pa siginecha imeneyo. Ndipo zonsezi zimafuna munthu amene ali m'dzikomo ndi mapepala omulola kugwira ntchito. Wolowera madulira sangayambe n'komwe.

Pali ena amati uku n'kungofuna kutsekereza alendo, magetsi ndi amodzi. N'zoona kuti mphamvu yake ndi yofanana, 230 volts kuno ndi uko. Koma tangoonani pulagi: yathu ili ndi mano a makona ngati ya ku Britain, yawo ili ndi mano obulungira. Ngati chooneka ndi maso chikusiyana, malamulo a zobisika m'khoma angafanane onse? Nafenso kuno sitilola aliyense: bungwe la MERA ndilo limapereka chilolezo kwa owaya nyumba, ndipo ESCOM polumikiza magetsi imafuna kuti ntchitoyo ikhale ya munthu wovomerezeka. Moto wa waya sufunsa kuti anawaya ndi wa dziko liti. Ine mayesowo sindikangana nawo. Chondiwawa ndi mwana wathu kulephera kufika pa khomo la mayeso pomwe ntchito amaidziwa.

Njira zopezera pepala zilipo pafupi. Soche Technical College ili mu Limbe momwemu. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo lili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira luso pogwira ntchito kuti alandire satifiketi.  Mapepalawa sadzakusandutsani mmisiri wa ku Johannesburg tsiku lomwelo, ayi, koma SAQA imakhala ndi choti iunike. Wopanda chilichonse amuunika chiyani?

Inu anyamata, gulani kope. Nyumba iliyonse mwagwirapo lembani tsiku, malo, ntchito yomwe mwachita ndi maola ake, abwana asayine sabata yomweyo. Posiya ntchito pemphani kalata yokhala ndi chidindo, yotchula masiku ndi mitundu ya ntchito, ndi nambala ya chilolezo cha abwanawo. Musadikire kuti mudzaitanitsa pa WhatsApp mutafika kale. Abwana amasamuka, ena amwalira, enanso amakwiya kuti munawathawa ntchito ili pakati.

Apa pali mawu kwa amisiri amene timaswali nawo limodzi. Kugwiritsa mwana wa mnzanu ntchito zaka zinayi, pa kandalama ka minibasi ndi nsima yamasana, kenaka n'kumukaniza kalata poopa kuti adzakulandani makasitomala, n'kumudyera thukuta. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ndi yolamula kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Zaka za mwanayo ndi ngongole yomwe muli nayo kwa iye. Makolo nanunso, popereka mwana kwa mmisiri musangoti "mutiphunzitsire", funsani ngati ali ndi chilolezo cha MERA ndiponso ngati adzasayina kope, chifukwa siginecha ya munthu wosavomerezeka ilibe kulemera kulikonse.

Akomiti, mbali yanu ndi yosavuta. Mzikiti, madrasa ndi sukulu ino zimafuna ntchito ya magetsi chaka ndi chaka: mafani, zokuzira mawu za adhana, magetsi a dzuwa. Tizilemba wachilolezo, ngakhale mtengo wake utakwererapo, ndipo pamgwirizano pazilembedwa kuti atenga wophunzira mmodzi wa kuno ndi kumusayinira maola ake. Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa msonkhano ukubwerawu, insha Allah, tisanapereke ntchito ina iliyonse.