Khasu Si Chilango

Pali mwambo woipa umene wakhazikika m'sukulu zathu zambiri, ndipo tonse tauzoloŵera. Mwana akachedwa, kapena akalongolola m'kalasi, amampatsa khasu kuti akalime. Motero mwanayo amatola phunziro losaiŵalika: lakuti ntchito ya manja ndi ya anthu olakwa. Ife tikuti limeneli ndi bodza, ndipo likuwononga ana athu.

Taganizani za mwana wa ku Limphasa, m'boma la Nkhata Bay. Pafupi ndi kwao pali dambo la mpunga wothirira, madzi ali thithithi m'ngalande. Koma iye amaloŵeza za ulimi wothirira kuchokera pa bolodi, nakhoza mayeso a MANEB, asanayezepo ndime ndi imodzi yomwe. Kodi ameneŵa ndi maphunziro, kapena ndi nyimbo chabe?

Chonsecho dambolo ndi buku lotsekula. Apatseni ana chingwe ayeze munda, ndipo adzamvetsa kuti hekitala ndi masikweya mita 10,000. Afese mpunga pa nazale, aŵerenge masiku kufikira nthaŵi yowokera, alembe zimene aona. Aonetseni nkhono za m'ngalande zimene zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo phunziro la zaumoyo lidzawakhala kumtima. Afunse amayi ao chifukwa chimene amaviikira chinangwa choŵaŵa m'madzi masiku angapo asanakonze ufa wa kondowole. Adzapeza kuti kuviikako kumachotsa ululu wakupha, ndi kuti sayansi inalipo pamudzi sukulu isanabwere.

Nzeru imeneyi si yachilendo kuno kunyanja. Dr Robert Laws anakhazika mishoni ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, m'chaka cha 1881, ndipo atasamukira ku Khondowe mu 1894, sukulu yake inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi kuŵerenga. Mutu ndi manja zinkayendera limodzi. Koma m'chaka cha 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana anachuluka kuchoka pafupifupi 2 miliyoni kufika 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu, komabe mphunzitsi wothodwa ndi khamu la ana anatsala ndi choko ndi mau okha.

Makolo ena adzati: “Tidamtumiza kusukulu kuti athaŵe khasu.” Tikumva ululu umene uli m'mau ameneŵa. Koma tiyeni tinene zoona: ntchito za mu ofesi sizingakwanire ana onse. Mwana wotuluka sukulu wopanda ntchito, wonyozanso munda wa bambo wake, wataya ziŵiri zonse.

Ena adzati ana amagwiritsidwa ganyu waulere. Pamenepo tili nawo limodzi. Kutuma ana kukapalira munda wa mphunzitsi ndi kuba nthaŵi yao. Kuphunzira kwenikweni kumakhala ndi funso, muyeso ndi kope lolembamo, ndipo zokolola zimapindulira anawo.

Tsono inu makolo a m'makomiti a sukulu, musadikire lamulo lochokera ku Lilongwe. Kambiranani ndi aphunzitsi, itanani alangizi a zaulimi ndi alimi odziŵa, mupatule masana amodzi pa sabata oti ana akaphunzirire kudambo. Ndipo kuyambira lero, khasu lileke kukhala chilango. Paja akuluakulu adati m'mera mpoyamba.