Mantha Amapha Luso la Mwana pa Masewera

Mwana sabadwa ndi luso la mpira. Luso limadza pobwereza chinthu chimodzi kawirikawiri, kufikira maso ndi manja atazolowerana. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anaphunzira mpira wamanja ndi mpira wa mapepala apulasitiki, koma mu 2015 anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney.

Mdani wamkulu wa luso ndi mantha. Mwana amene amakalipiridwa akaphonya amauma thupi, nayamba kuthawa mpira. Choncho makolo ndi aphunzitsi ayenera kuyamba ayamikira khama lake, kenaka n'kumuwongolera modekha. Atsikana nawonso apatsidwe nthawi yosewera, asamangotsekerezedwa ndi ntchito zapakhomo, pakuti masewera amalimbitsa mtima, mafupa ndi maganizo omwe.